Sentralina ya Shapa m'Karinya ya Malemu Mkazi Wanga

Abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, mtendere wa Ambuye ukhale nanu, kaya muli kuno ku Lichinga kapena kutali. Ine ndine Celestino, wa ku Sanjala. Ena a inu munabwera pa maliro a mkazi wanga Telma chaka chatha, ndipo sindinakuthokozeni moyenera chifukwa pakamwa panali polemera. Lero ndikufuna kuchitira umboni za miyezi imene inatsatira maliro aja, pamene ndinatsala pang'ono kusiyana ndi mwana wanga mmodzi yekhayo chifukwa cha kabokosi kachitsulo kosaposa buku la nyimbo kukula kwake, ndiponso chifukwa cha munthu amene ndinkamudalira ngati bambo wondibereka.

Za matenda a Telma sindilemba. Anadwala masiku asanu, tsiku lachisanu ndi chimodzi anatisiya. Anandisiyira Nélia, amene panthawiyo anali ndi zaka zinayi, ndi karinya, galimoto yonyamula katundu, yoyera ya dizilo imene anagula ndi thukuta lake. Ine ndinaphunzira zaulimi ku institutu, ndipo ndinagwirapo ntchito m'bungwe lina logawa mbewu mpaka ntchitoyo inatha. Telma ndiye anali ndi mutu wa malonda. Ankadziwana ndi amayi olima mbatatesi ndi nyemba ku Chimbonila, ankagwirizana nawo mitengo ali chikhalire pa thumba, ine n'kumangoyendetsa galimoto kupita ku msika. Karinya ija ndiyo inali munda wathu, ofesi yathu ndi nkhokwe yathu.

Kwawo kwa Telma mwana ndi wa kuchikazi. Zimenezi ndinkazidziwa ndisanakwatire, ndipo sindinaziganizirepo ngati chinthu chimene chidzandikhudza ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Titachoka kumanda, malume ake a Telma, a Bernardo, anandikhazika pansi nandiuza mofatsa kuti sakundilanda mwana. Anati Nélia akhale kaye ndi ine mpaka tsiku la kusudzula, mbatatesi ikadzakumbidwa, ndipo akadzaona kuti mwana akudya, akuvala, akupita ku eskolinya, sukulu ya mkaka, adzamusiya m'manja mwanga. Akadzaona zina, mwana adzapita kumudzi kwa azakhali ake. Sindinaone cholakwa m'mawu amenewo. Ndinali ndi galimoto, ndinkadziwa njira, ndinkawadziwa amayi a mbatatesi aja.

Pakati pa ine ndi a Bernardo panali a Horácio. Iwo ndi akazi awo ndiwo anali apadrinyo a ukwati wathu. Ndiwo anatilangiza tisanalowe m'tchalitchi, ndiwo anasaina pambali pathu, ndipo Telma ndi ine tikasemphana mawu ndiwo tinkawathamangira. Ali ndi ofisina yaing'ono yokonza magalimoto, ndipo analinso ndi karinya yofanana ndendende ndi yathu, imene ankanyamulira mitengo ya kampani ina ya nkhalango. Pa masiku a maliro ndinawapatsa kiyi popanda kuganiza kawiri. Inu mukudziwa mmene timachitira. Wofedwa sayendetsa galimoto. Amakhala pa mphasa, ndipo galimoto yake imapita kukatenga nkhuni, kukatenga abale ku sitenji, kukatenga mipando ku tchalitchi. Karinya inakhala m'manja mwa a Horácio sabata yathunthu, ndipo ataibweza inali yotsukidwa, mafuta odzaza thanki. Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri.

Ulendo woyamba wopita ku Chimbonila unayenda bwino popita, galimoto ili yopanda katundu. Pobwerera nditasenza matumba, nditafika pa chitunda china chachitali, kanyale kachikasu kanayaka patsogolo panga ndipo mphamvu inangotha ngati wina wagwira galimoto kumbuyo. Ndinaponda mafuta mpaka pansi koma injini inakana kukweza mawu. Ndinakwera chitundacho pa giya yoyamba, anthu a njinga akundipitirira. M'mawa kukazizira inkavutanso kulira, n'kumatulutsa utsi woyera umene sindinauonepo Telma ali moyo.

Ndinapita nayo kwa a Horácio, chifukwa ndikanapita kwa yani? Analumikiza makina awo oyezera, anayang'ana pa galasi lake ataliloza kwa iwo okha, napukusa mutu. Anati mainjekitala, opopera mafuta m'injini, atopa. Anawatsuka, ndipo vuto linakhala pomwepo. Ulendo wachiwiri anati ndi pampu ya mafuta. Wachitatu anati turubo yayamba kufa. Nthawi iliyonse kanyale kaja kankazima ndikatuluka mu ofisina, n'kuyakanso ndikangosenza katundu ndi kuyamba chitunda. Sanandilipiritse chilichonse, ndipo zimenezo zinkandichititsa manyazi kufunsa mafunso. Munthu akukuthandiza mwaulere, iwe ungamufunse kuti andionetse galasi ndione ndekha?

Mbatatesi sidikira munthu. Kawiri ndinafika pa msika dzuwa litapendeka, ogula ambiri atapita. Tsiku lina ndinatsitsa theka la matumba m'mbali mwa msewu kuti ndikwere chitunda, ndipo pobwerera kudzatenga otsalawo mvula inali itawapeza. Amayi aja anandipirira chifukwa cha Telma, koma nawonso ali ndi ana. Mmodzi ndi mmodzi anayamba kupereka katundu wawo kwa ena. Mwezi wachitatu ndinamuchotsa Nélia ku eskolinya, ndipo ankakhala kwa aneba ine ndikapita kukayesa mwayi. Ine ndinkadya kamodzi patsiku, iye kawiri. Ndinkamusambitsa, kumupesa tsitsi mmene ndinkathera, ndipo tsitsilo linkaonetsa kuti lapesedwa ndi bambo.

Kenako a Horácio anandiitana, nandikhazika pa mpando wa mu ofisina mwawo. Anati, "Mwana wanga, ndakuyesera zonse. Injini iyi yatha. Usadzizunze. Ndipatse ine galimotoyi, ndiphwasule ndigwiritse zitsulo zake, ndikupatse kenakake koyambira moyo wina. Ndipo za mwana usaumirire. Kumudzi akakula bwino." Ananena ndi mawu omwe aja ankatilangiza nawo pa ukwati. Ndinavomera kuti Loweruka adzabwere kudzaitenga. Kusudzula kunali kutatsala masabata atatu.

Ndikufuna ndinene zoona za mtima wanga pa nthawi imeneyo, chifukwa umboni wobisa mdima suthandiza munthu. Sindinasiye kupita ku tchalitchi, koma ndinasiya kupemphera. Ndinkaimirira ena akaimirira, kugwada ena akagwada. Mumtima ndinali nditamuuza Mulungu kuti mwatenga mkazi, mukutenga galimoto, mutenganso mwana, ndiye palibe choti tikambirane.

Lachisanu la sabata imeneyo mayi mmodzi, mnzake wa Telma, anandipempha kuti ndimunyamulire matumba khumi a nyemba chifukwa anasowa galimoto ina. Ndinavomera, ndikudziwa kuti ndi ulendo womaliza. Pa chitunda chomwe chija kanyale kanayaka, mphamvu inatha, ndipo ulendo uno ndinangopatuka n'kuima. Inali nthawi ya masana, mphepo yozizira ikuwomba m'mitengo ya paini. Ndinagwira chiwongolero ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu ndinalankhula ndi Mulungu. Silinali pemphero lokongola. Ndinangoti, Ambuye, galimoto itengeni ngati mukuifuna, koma mwanayu ndisiyireni, ine sindidziwa njira.

Sipanapite nthawi yaitali njinga yamoto inaima kumbuyo kwanga. Anatsika bambo wachikulire wovala mkanjo woyera ndi kofiya, jekete lachikopa pamwamba, akuchokera ku swala ya Ijumaa, mapemphero a ku mzikiti, kumudzi kwawo. Anandipatsa moni m'Chiyao, ataona kuti ndikuvutika kuyankha anatembenukira ku Chinyanja. Anati dzina lawo ndi Che Saíde, amakonza za magetsi a magalimoto ku Chiuaula. Ndinawauza kuti asavutike, injini yatha, akatswiri anaiona kale. Anandifunsa ngati ndinapita kusukulu, ndipo nditatchula institutu anaseka pang'ono.

"Ndiye a injinyeru, tazimitsani. Werengani mpaka makumi awiri. Tsopano lizani, pondani."

Injini inalira ndi mphamvu zake zonse, ngati kale. Tinayenda pang'ono iwo ali pa chitseko, kenako kanyale kanayaka ndipo mphamvu inathanso.

"Mwaona? Chinthu chakufa sichidzuka chifukwa chakuti mwazimitsa n'kuyatsa. Injini iyi ili moyo. Pali wina akuiletsa kugwira ntchito. Mubwere nayo mawa m'mawa."

Ndinawauza kuti mawa galimoto ikupita kwa mwini wake watsopano. Anati, "Mwini watsopanoyo adikire mpaka masana. Wogula mtembo sathamanga." Ananditsatira pang'onopang'ono mpaka kulowa m'tauni, nandilozera njira ya kwawo.

Ofisina ya Che Saíde ndi chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba yawo. Ndikanadutsa tsiku lina sindikanaima. Pa alumali lalitali anali atandandalika timabokosi tachitsulo tambiri, tonse tofanana m'maso mwanga. Anandiuza kuti kabokosi kameneka ndi sentralina, kompyuta imene imalamula injini. Ndiyo imanena kuti mafuta alowe ochuluka bwanji, alowe nthawi yanji, turubo ikankhe mpweya wotani, ndi kuti zotenthetsa injini m'mawa ziyake nthawi yaitali bwanji. Ndinkadziwa kuti chinthu chotero chilipo m'galimoto, koma sindinachionepo.

Anatsitsa zinayi naziika pa benchi. Yoyamba anati ndi ya kagalimoto ka petulo ka m'tauni, yophunzitsidwa kusunga mafuta ndi kuyenda mofatsa pa phula. Yachiwiri inali ya lole, imene imapereka mphamvu yambiri injini ikuzungulira pang'onopang'ono, koma siilola kuthamanga. Kenako anakankhira patsogolo ziwiri zotsalazo, nandiuza kuti ndipeze kusiyana kwake. Ndinazitembenuza. Kukula kumodzi, polumikizira mawaya pamodzi, mabowo a zomangira pamalo amodzi. Anati iyi ndi ya shapa, iyi ndi ya karinya, ndipo injini zake n'zofanana, n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Ya shapa inachokera m'minibasi ya magiya odzisintha okha, yopangidwira kunyamula anthu m'misewu ya m'mizinda. Nthawi zonse imayembekezera kumva kuchokera ku kompyuta ina ya magiya. Ukaiika m'galimoto ya magiya apamanja imafunsa, osayankhidwa. Galimoto ikakhala yopepuka imapirira, koma katundu akalemera ndipo chitunda chayamba, imaganiza kuti magiya awonongeka, n'kudula mphamvu kuti iteteze injini. Ya karinya sifunsa zimenezo. Inapangidwira katundu, matope ndi mapiri, ndipo ili ndi chinthu china chimene ya shapa ilibe, siiliza injini ngati sinazindikire kiyi wake.

Anafuna kuona yanga. Sentralina ya karinya imakhala pansi pa dashibodi, mbali ya wokwera, pamene pamakhala mapazi. Atatsegula chitseko chimenecho anaima. Pansi panali masilipasi a Telma, amene ankavala akavula nsapato za kumunda. Chimwalirire chake sindinatsegulepo chitseko chimenecho, ndipo aliyense wokwera ndinkamukhazika kumbuyo. Che Saíde sanafunse kuti ndi a yani. Anangoti, "Achimwene, chotsani nokha." Ndinawachotsa, n'kuwaika pa mpando.

Anamasula zomangira, natulutsa kabokosi, nakatembenuza. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Pa ngodya panali timadontho tiwiri ta penti yofiira. Anandilozera pa alumali. Timabokosi tawo tonse tinali ndi timadontho tomweto.

"Wallahi, iyi ndinagulitsa ine," anatero. "Ndi ya shapa imene inagubuduka chaka chatha."

Anapempha kiyi wanga, nalowetsa kampeni m'mbali mwa mutu wake wapulasitiki, nautsegula. M'katimo munali kamalo kakang'ono kopanda kanthu. Anati pamenepo pamakhala kanjere kakuda kamene sentralina ya karinya imakazindikira. Wotenga sentralina ayenera kutenganso kanjereko, apo ayi galimoto yake siilira.

Ndinawafunsa amene anagula. Anandifotokozera. Miyezi ingapo m'mbuyomo munthu wina wa ofisina anawabweretsera sentralina ya karinya itapsa, chifukwa anawotcherera chitsulo pa galimoto osachotsa batire. Iwo anamuuza kuti siingakonzeke, ndipo ina yotero pano palibe, mpaka kuitanitsa kutali n'kudikira miyezi. Patapita masiku munthuyo anabwerera mothamanga kudzagula ya shapa. Anamuchenjeza kuti siidzakoka katundu, iye nati akudziwa, akungofuna yoti ilize injini. Anakumbukira kuti munthuyo anabwera atavala suti yakuda masana a pakati pa sabata, nanena kuti akuchokera pa maliro a mwana wake wa ukwati. Atatchula dzina, ndinali nditalidziwa kale.

Sindinakuwe. Sindinalire. Ndinakhala pa tayala lakale n'kumayang'ana kiyi wotseguka uja m'dzanja langa. Chimene chinkabwera m'mutu chinali chakuti tsiku limene ankamasula zomangira zija, Telma anali asanaikidwe m'manda, ndipo kuti afike pa kabokosiko anayenera kusuntha masilipasi aja ndi kuwabwezera pamalo pake.

Ndinafuna kupita ndekha nthawi yomweyo. Che Saíde anandiletsa. Anafunsa kuti galimoto inalembedwa m'dzina la yani, ndipo nditati la mkazi wanga, anati ndiye wabedwa si inu nokha, ndi mbumba yonse, itanani mwini mbumba. Ndinaimbira a Bernardo. Anandiyankha mozizira kuposa mmene ndinkawadziwira, koma anakwera shapa nafika dzuwa lili pamutu. Tili m'njira yopita ku ofisina ya a Horácio ndi pamene anandiuza chifukwa cha kuzizira kwawo. Miyezi yonseyi apadrinyo ankawaimbira foni. Ankawauza kuti mutu wanga sukuyenda bwino chimwalirire mkazi, kuti ndinayendetsa galimoto yopanda oyilo mpaka kupha injini, ndipo kuti iwo monga apadrinyo akuona kuti mwana atengedwe msanga. A Bernardo anali atauza kale azakhali ake a Nélia kuti akonze malo.

Tinawapeza a Horácio akukonza chingwe chokokera galimoto yanga. Ataona Che Saíde akutsika anasiya chingwecho. A Bernardo anapempha mwaulemu kuti atsegule mbali ya wokwera ya karinya yawo. Anayamba kukana, akuti kodi tayamba kusechana ngati apolisi, ine amene ndinanyamula bokosi la mwana wanu? A Bernardo anati, "Munanyamula, ndipo tinathokoza. Tsegulani." Che Saíde anatulutsa sentralina, nailumikiza ku makina awo, ndipo nambala ya galimoto imene inaoneka pa galasi inali yomwe ili pa mapepala a Telma. Kanjere kakuda kaja anakapeza katamatidwa ndi tepi kuseri kwa pobayira kiyi.

A Horácio anakhala pansi. Anati ankangobwereka. Anati kampani ikanawalanda ntchito ya mitengo galimoto ikanaima sabata imodzi, ndipo ankaganiza kuti ine ndikhala pa mphasa mwezi wathunthu, adzabwezera ndisanadziwe. Kenako anati, "Mwana wanga, satana ndi wamphamvu."

Ndinawafunsa funso limodzi lokha. Ndinati, "Padrinyo, nanga za Nélia munawauziranji a malume?" Mpaka lero sanayankhe. Ine ndikuganiza kuti ankadziwa kuti bambo amene ali ndi mwana woti amudyetse sangagulitse galimoto msanga, koma bambo amene watsala yekha amasiya chilichonse. Mwina ndikuwaganizira moipa. Sanandipatse chifukwa china choti ndigwire.

Che Saíde anabwezera sentralina ya Telma m'malo mwake, nabwezera kanjere m'kiyi, namata. Ya shapa anaiika pa benchi la a Horácio nati, "Iyi ndi yanu, munagula." A Bernardo anafunsa ngati ndikufuna kupita ku polisi. Ndinati ayi. Si chifukwa cha chifundo. Ndinalibe mphamvu zoti ndikafotokozenso nkhaniyi kwa munthu wolemba pa makina.

Ndinawaperekeza a Bernardo kwawo ku Chimbonila pa karinya yomweyo, ndipo pobwerera ndinasenza matumba a mayi wina amene anali kudikira galimoto m'mbali mwa msewu. Injini inakoka popanda kudandaula. Lolemba ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi a mbatatesi aja. Sindinawauze za apadrinyo, ndinangoti galimoto yachira. Ena anandiyesa ndi matumba ochepa, ataona kuti ndafika pa msika m'mamawa anawonjezera. Si onse anabwerera. Sabata yachiwiri Nélia anabwerera ku eskolinya.

Tsiku la kusudzula linafika. Tinakhala pabwalo kwawo kwa Telma, abale ake mbali iyi, anga mbali iyo, ndipo malo amene akanakhala apadrinyo anali opanda munthu. Anachita zonse za mwambo, nandimasula. Itafika nkhani ya mwana, azakhali ake a Nélia ananena kuti mwana wamkazi amafuna dzanja la mayi, ndipo tsitsi lake likuchitira umboni. Anthu anaseka, inenso ndinaseka. A Bernardo anadikira kuti phokoso lithe. Kenako anati, "Ife tinamvera munthu wolakwika, ndipo tinatsala pang'ono kumulanga mwana uyu kawiri. Miyezi itatu galimoto ikuwakana bambo ake, mwanayu sanagone ndi njala. Nélia akhala ndi bambo ake. Pa tchuthi azibwera kuno, mudzamuluke tsitsilo." Ndinawerama.

Abale anga, ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu amene anali atasiya kulankhula naye. Sanatume mbusa, sanatume mnzanga wa ku institutu. Anatuma bambo wa mkanjo woyera wochokera ku mzikiti, amene ndikawathokoza amangoti Alhamdulillah n'kupitiriza kusenda waya. Anakana kulandira kanthu pa ntchito ija, akuti dzanja lawo linali m'tchimolo ngakhale sankadziwa. Ndikawapititsira thumba la mbatatesi amanditcha injinyeru wosadziwa pamene pali ubongo wa galimoto yake, ndipo sindikana.

Kwa inu oyendetsa magalimoto, pali phunziro laling'ono limene ndalilipira modula. Sentralina ziwiri zikhoza kufanana kunja, mawaya n'kulowa bwinobwino, injini n'kulira, koma imodzi inapangidwira anthu pa phula, ina katundu pa chitunda. Werengani nambala yolembedwa pa kabokosiko muisunge. Makina oyezera akalumikizidwa, pemphani kuona galasi ndi maso anu, ngakhale amene wagwira makinawo ali munthu amene mumamugwadira. Kufunsa si chipongwe. Ine ndinaona ngati chipongwe, ndipo ndinatsala pang'ono kulipira ndi mwana.

Kwa inu amene muli pakati pa chitunda chanu, amene munauzidwa ndi munthu womukhulupirira kuti zatha, gulitsani, siyani, ndikukupemphani kuti mudikire pang'ono. Pempherani ngakhale pemphero lokwiya, ngakhale la mawu khumi. Ine ndinali nditatsala ndi tsiku limodzi.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zili bwino. Telma sanabwerere. A Horácio sindinawakhululukire. Ndikudziwa zimene Malemba amanena, ndinaphunzitsapo ana a katekisimu zomwezo, koma mtima sunafike. Amapempherabe m'tchalitchi chathu, amakhala benchi lachiwiri kutsogolo kwanga, ndipo akazi awo, amene ndikukhulupirira kuti sankadziwa kanthu, amamubweretserabe Nélia mabisiketi. Mwanayo sadziwa chilichonse, ndipo sindidzamuuza ali wamng'ono. Lamlungu lililonse ikafika nthawi yopatsana mtendere, a Horácio amatembenuka pang'ono n'kudikira. Dzanja langa lamanzere limakhala litagwira Nélia, ndipo chifukwa cha dzanja limenelo ndimayamika Mulungu tsiku lililonse. Lamanja likadali m'thumba. Mundipempherere.